Kodi Tiitane Yani ku Ukwati?

Cimanga calowa m'nkhokwe, mtedza wauma, ndipo njira za kumidzi zayamba kuyendeka. Tsono yafika nyengo ija imene tsiku la Mulungu liri lonse timva maina a anyamata ndi atsikana alikuchulidwa m'chalici. Mwezi uno tifuna kuceza nanu za kakonzedwe ka ukwati, makamaka za kuitana anthu, pakuti pa nkhani imeneyi, yooneka ngati yaing'ono, mabanja ambiri akhumudwa, abale adana, ndipo ena alowa m'ngongole imene mwana wao woyamba adzaipeza isanathe.

Masiku ano mnyamata akangofunsira mbeta nayankhidwa bwino, mtima wace uthamangira kwa wosindikiza makadi. Asankha pepala lonyezimira, malemba agolide ndi cithunzi ca nkhunda ziwiri. Alembetsa tsiku, alembetsa malo, nagawa makadiwo ponse ponse. Pambuyo pace ndipo akumbuka kuti kwa Bambo mfumu sanafikeko. Kumeneko ndiko kumweta udzu wofolera nsanamira zisanazikidwe. Poyamba akwati apite ku parishi onse awiri, atatenga makalata ao a ubatizo. Afunsidwe ali yense payekha ngati afuna ukwatiwo ndi mtima wace, wosakakamizidwa ndi makolo kapena ndi manyazi. Alowe maphunziro a ukwati, ndipo amene sanalandire Ulimbitso aulandire ngati kuli kotheka. Wansembe akavomera tsiku, pamenepo inki igwe pa pepala. Dziwaninso kuti pa Lacisanu Loyera ndi pa Loweruka Loyera Eklezia samanga ukwati konse, ndipo m'nyengo ya Lenti afuna kuti, ukakhalapo, ukhale wopanda phokoso.

Kuitana koyamba kwa ukwati wacikristu ndiko kulengeza m'chalici, ndipo mwambo umenewu ndi wakale ndithu. Ku Ulaya kunali anthu okwatirana m'tseri, awiri okha. Mwamuna akatopa naye mkazi ankangokana kuti sanalonjeze kanthu, ndipo panalibe mboni yomtsutsa. Cifukwa cace m'caka ca 1215 Aepiskopi, atasonkhana ku Lateran mu mzinda wa Roma, analamula kuti ukwati uzilengezedwa poyera usanamangidwe. M'caka ca 1563 Msonkhano wa ku Trento unalimbitsa lamulolo: alengeze katatu pa Misa, masiku oyera atatu otsatana, ndipo ukwati umangidwe pamaso pa wansembe wa parishi ndi mboni ziwiri kapena zitatu, apo ai suli ukwati. Malamulo a Eklezia a m'caka ca 1983, amene titsata tsopano, afunabe wansembe kapena dikoni wopatsidwa mphamvu, ndi mboni ziwiri. Kalengezedwe kokha asiyira Aepiskopi a dziko liri lonse kuti akonze.

Tsono inu amene mukhala pa benci nimumva mainawo, mwaitanidwa kale, ndipo mwapatsidwa nchito. Wodziwa coletsa ukwati ayenera kukaulula kwa wansembe tsiku lisanafike. Kapena mnyamatayo ali ndi mkazi wina kumene anakagwira nchito. Kapena mtsikanayo akali mwana, pamene malamulo a dziko la Malawi, lamulo la maukwati la 2015 ndi kukonzedwa kwa malamulo akuru m'caka ca 2017, aletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Kapena awiriwo ali pa cibale. Makolo athu ankakonda kuti msuwani akwatire msuwani wace, koma kwa Eklezia ana a mlongo ndi mlongo wace ali pafupi kwambiri, ndipo sakwatirana popanda cilolezo ca Ambuye Episkopi. Munthu wodziwa zotere akakhala cete, nadzadya mpunga wa paukwati, nayamba kunong'ona kudambo patapita mwezi, walakwira akwatiwo koposa mdani.

Pambuyo pa wansembe ndi mboni pabwera ankhoswe ndi akuru a mbumba zonse ziwiri. Pamenepa ticenjeze anyamata ophunzira. Malume satumiziridwa khadi. Mwini mbumba, agogo, mfumu ya mudzi, atate ndi amai a ubatizo, onsewa aitanidwa ndi miyendo: munthu apita kwao, akhala pansi, aomba m'manja, nanena ndi pakamwa. Wamkuru akalandira pepala m'manja mwa kamwana kotumidwa, amva mumtima kuti wayesedwa mlendo pa ukwati wa mphwace, ndipo ngakhale abwere, abwera ndi nkhope yokha. Nanga si ameneyu amene anapereka tambala kapena kulandira thadzi pa cinkhoswe? Si ameneyu amene adzadzutsidwa usiku tsiku limene mbale zidzayamba kuuluka m'nyumbamo? Bwana wa kunchito, amene mwamsungira mpando wa kutsogolo, sadzabwera kudzaweruza mlandu wa m'banja mwanu.

Sitinena kuti khadi ndi coipa iai. Liri ndi nchito yace kwa abale a kutali, amene ali ku Lusaka, ku Harare kapena ku Johannesburg, ndi kwa anzanu a m'tauni amene muonana nao kamodzi kamodzi. Ndipo tsopano cithunzi ca khadi ciyenda pa lamya ya m'manja mosalipira basi. Awa auzeni msanga, kuti apemphe nthawi kunchito napeze ndalama za ulendo. Koma khadi likhale lacidule ndi loona: maina a akwati ndi a mabanja onse awiri, olembedwa molingana, osakuza mbali imodzi, tsiku, dzina la chalici ndi ora la Misa, potsiriza pace malo a madyerero. Taona makadi ena pamene dzina la holo liri m'malemba akuru ngati a pa sitolo, ndipo Misa yabisala kunsi m'timalemba tofuna magalasi. Zotsatira zace tizidziwa tonse: m'chalici mukhala akwati, mboni, a kwaya ndi nkhalamba zisanu, koma masana ku holo kusowa popondapo. Ndipo ngati khadi lipita ku mudzi, lilembedwe m'cinenero cathu. N'camanyazi kuti amai ace a mkwati afune mwana wa sukulu kuti awamasulire za ukwati wa mwana amene anambereka okha. Musanasindikize ambiri, wina wodziwa awerenge limodzi ndi kuona maina, pakuti dzina la apongozi lolakwika likumbukika zaka zambiri.

Tifike tsopano pa cimene citiwawa koposa, ndico kasankhidwe ka oitanidwa. Mwambo wa perekani-perekani unayamba bwino. Mutu umodzi susenza denga, ndipo banja latsopano lifuna mphika, mphasa, khasu ndi kandalama koyambira. Abale ndi anansi akaponyapo ali yense monga akhoza, acita nchito ya cikondi. Koma m'malo ambiri mwambowu wasanduka malonda. A komiti akhala pansi ndi pensulo, osafunsa kuti uyu ndi ndani kwa akwati, koma kuti uyu adzaponya zingati. Mwini golosale alandira khadi, ngakhale sadziwa dzina la mkwatibwi; mai wamasiye wa kuseri kwa nyumba, amene anacezera usiku ndi mtsikanayo pamene anadwala malungo ali wamng'ono, auzidwa ndi mlonda pa khomo kuti opanda khadi salowa. Mai wotere sadandaula pa anthu. Abwerera kwao ndi kambale ka ufa kamene anakonza kuti akapereke.

Ambuye Yezu ananenapo za nkhani yomweyi pamene analikudya kwa Mfarisi wina wamkuru, monga tiwerenga pa Luka Woyera, mutu 14. Anauza mwini nyumba kuti pokonza phwando asamaitane okhawo amene adzambwezera, koma akumbuke osauka, opunduka, otsimphina ndi akhungu, amene alibe cobwezera. Mau amenewa saletsa kuitana abale ndi abwenzi, pakuti Iye mwini anaitanidwa ku ukwati wa ku Kana pamodzi ndi Amai ace ndi ophunzira ace, napitako. Aletsa kuyesa anthu ndi matumba ao. Cifukwa cace tipempha banja liri lonse, polemba maina, lifunse kuti m'mudzi muno ndani amene saitanidwa kuli konse, nalimlembe ameneyo pamwamba. Ngati ali wosayenda, atumidwe anyamata akamtenge pa njinga. Ngati ali gone pa mphasa, mbale yace ipite isanayambe kugawidwa ya alendo olemekezeka.

Wina adzati: Aphunzitsi, kodi tidzadyetsa dziko lonse? Funso limeneli ndi loona, ndipo sitilinyoza. M'tauni mipando iwerengedwa ndi mbale zilipiridwa imodzi imodzi, kotero kuti malire ayenera kukhalapo. Koma tisiyanitse zinthu ziwiri. Khomo la chalici liribe khadi. Misa ya ukwati ndi ya Akristu onse, ndipo palibe mlonda wobweza munthu pamenepo. Za cakudya, ankhoswe a mbali zonse ziwiri apangane ciwerengero poyamba, makadi asanatuluke, kuti pasadzakhale kunena kuti a kucimuna anadzaza holo ndi anthu ao. Ndipo kumudzi, kumene mthunzi wa mtengo sulipiridwa, njira yakale ikali yabwino: a mphakati agawana nchito, awa nkhuni, awa madzi, awa cimera ca thobwa, ndipo mtsuko wa thobwa ukwanira anthu amene botolo la m'sitolo silingawafikire. Inunso oitanidwa, ndiwo zikacepa musatenge nkhaniyo kupita nayo kumsika. Ku Kana vinyo anatha. Amai Maria anaona msanga, nauza Mwana wao mwakacetecete, ndipo mitsuko isanu ndi umodzi yamwala inadzazidwa, mkuru wa phwando osadziwa n'komwe kumene vinyo watsopanoyo anacokera.

Musanalembe dzina ndi limodzi lomwe, kaimeni pa nkhokwe. Ukwati ucitika mu Seputembala kapena Okutobala, pamene cimanga cioneka cambiri, koma njala ibwera mu Januwale ndi Febuluwale, pamene oitanidwa onse ali kwao. Patulani poyamba cakudya cofikira ku zokolola zina, mbeu, ndi ndalama ya feteleza. Cotsalaco ndico ca phwando. Kugulitsa mbuzi zonse, kupinyolitsa dimba, kapena kutenga katapila cifukwa ca tsiku limodzi, kumeneko ndiko kulowetsa akwati m'nyumba imene wangongole walowamo kale. Papa Francis, m'kalata yace ya za mabanja ya m'caka ca 2016, anadandaula kuti akwati ambiri atha ndalama ndi mphamvu zao pa makadi, zobvala ndi madyerero, nafika pa tsiku la ukwati ali otopa. Ndipo anawalimbitsa mtima kuti asaope kusankha cikondwerero cacing'ono ndi cosadzikuza.

Pali ena amene nkhani yonseyi iwapweteka mwa njira yina. M'midzi mwathu muli amuna ndi akazi obatizidwa amene akhala pamodzi zaka zambiri, ana ao afika pa kalasi ya Ukaristia woyamba, koma iwo eni akhala kumbuyo pa nthawi yolandira. Mukawafunsa, sanena kuti safuna ukwati woyera. Ati alikudikira ndalama za suti, za keke ndi za galimoto, ati aopa kusekedwa. Abale inu, m'malamulo onse amene tachula pamwambapa mulibe keke. Ukwati umangidwa ndi kuvomerezana kwa inu awiri pamaso pa wansembe ndi mboni ziwiri, ndipo malaya ocapa bwino akwanira. Fikani kwa mphunzitsi wa dera lanu mapemphero atatha, mutatenga makalata a ubatizo, kuti akulembeni ndi kukuperekezani kwa Bambo mfumu. Ndipo mabanja angapo otere akhoza kupempha kuti amangitse maukwati ao pa Misa imodzi, ndi kuphika pamodzi. Oitanidwa anu akhale ankhoswe, makolo, ana anu ndi a mphakati; nkhuku ziwiri ndi thobwa zidzawakwanira.

Mwezi wamawa, Mulungu akalola, tidzaceza za nchito ya ankhoswe m'caka coyamba ca banja, ndi za milandu imene ayenera kuitengera kwa wansembe.