Ntchito ya Ophunzira Utolankhani Iyambire M'chigafa

M'makoleji ophunzitsa utolankhani m'dziko muno, monga Malawi Institute of Journalism ndi MUBAS, imene kale inkatchedwa Polytechnic, ophunzira amaphunzira za ubale umene ulipo pakati pa nyuzipepala, wailesi ndi anthu amene zimawatumikira. Phunziro lotere silidalira mayeso a kumapeto okha ayi. Gawo lina la malikisi limachokera ku ntchito zimene mphunzitsi amapereka m'kati mwa teremu, ndizo zimangirizo, malipoti ndi kafukufuku wa m'magulu. Funso loyenera kuliganizira mofatsa ndi lakuti ntchito zimenezi zikhale zokamba za yani, ndipo wophunzira akazifufuze kuti.

Chizoloŵezi chimene chafala m'sukulu zambiri nchodziŵika. Mnyamata wa kwa Santhe kapena mtsikana wa ku Chamama akafunsidwa kuti afotokoze mphamvu ya nyuzipepala pa maganizo a anthu, amathamangira pa intaneti, natola ndime za akatswiri a ku Ulaya ndi ku Amereka, nazilumikiza monga zigamba za chovala. Masiku ano kwabweranso makina amene amalemba chimangirizo chonse munthu akangowafunsa. Pepala limaoneka laukhondo, Chingerezi chake chosalala, koma m'menemo mulibe dzina la mudzi ngakhale umodzi. Mwini pepalayo anakulira pafupi ndi chigafa, anathandiza kusoka fodya, ndipo mwina fizi yake inachokera m'mabelo amene anagulitsidwa ku Chinkhoma, komabe iye amaganiza kuti zimenezi si za m'kalasi.

Akatswiri amene wophunzirayo amakopera sanachite chotero. Maxwell McCombs ndi Donald Shaw, amene maina awo sasoŵa m'phunziroli, anaonetsa mu 1972 kuti ofalitsa nkhani ali ndi mphamvu yosankhira anthu nkhani zoti aziziona ngati zazikulu. Iwo sanapite kutali kukafuna umboni. Pa chisankho cha pulezidenti cha mu 1968 anafunsa anthu 100 okha a m'tauni ya Chapel Hill, kumene kunali yunivesite yawo, nayerekeza mayankho awo ndi zimene nyuzipepala ndi mawailesi ankaika patsogolo. Anthu 100 apezeka pa msika wa Chinkhoma tsiku limodzi dzuŵa lisanafike paliwombo. Wophunzira amene waloŵeza dzina la Chapel Hill koma sanafunsepo mlimi ngakhale mmodzi waloŵeza chikuto cha buku.

Boma la Kasungu lili ndi nkhani zokwanira phunziro lonselo, ndipo yoyamba yabisala m'dzina limene aliyense kumeneko amalidziŵa. Anthu ambiri akamva mawu akuti Press amaganiza za maesiteti a fodya. Koma mawuwo tanthauzo lake ndi makina osindikizira. Nyuzipepala ya Malawi News inayamba mu 1959 monga liwu la chipani cha Malawi Congress, ndipo mu 1961 kunakhazikitsidwa kampani yosindikiza ya Malawi Press. Kampaniyo inakula, niloŵa m'malonda osiyanasiyana pansi pa Dr. Kamuzu Banda, kufikira inakhala ndi minda yaikulu ya fodya m'chigawo chapakati, makamaka ku Kasungu, kwawo kwa mtsogoleriyo. Mu 1972 nayo nyuzipepala ya Times inaloŵa m'manja mwake. Motero kwa zaka zambiri mwini munda ndiye analinso mwini nyuzipepala. M'zaka zomwezo lamulo la Special Crops Act la mu 1963 linkatsekereza alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa bale, ndipo khomo linayamba kutseguka mu 1990. Wophunzira angathe kutsegula nyuzipepala zakale ku National Archives ku Zomba, naŵerenga kuti ndi kangati pamene tenanti analankhula m'masamba amenewo, ndipo ananena chiyani. Akatero sadzafunikanso buku lomuuza chifukwa chake nkofunika kudziŵa mwini nyuzipepala.

Yachiŵiri ndi ya William Kamkwamba wa kwa Wimbe. Iye anasiya sukulu ya sekondale chifukwa cha njala ya mu 2001 ndi 2002, ndipo mu 2002, pogwiritsa ntchito buku la m'laibulale yaing'ono ndi zitsulo zotayidwa, anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo. Makinawo anazungulira poyera zaka zinayi, aliyense wodutsa akuwaona, kufikira nyuzipepala ya Daily Times inalemba za iwo mu Novembala 2006. Chaka chotsatira mnyamatayo anali pa msonkhano wa TED ku Arusha, mu 2009 kunatuluka buku, ndipo mu 2019 kanema. Anthu amakonda kusimba nkhaniyi monga chitsanzo cha khama, ndipo nzoona. Koma kwa wophunzira utolankhani phunziro lili m'zaka zinayi zija. Nchifukwa ninji nkhani ya kwa Wimbe inachedwa chotero kufika ku Blantyre, pamene kuchokera ku Blantyre inafika kutsidya kwa nyanja m'miyezi yoŵerengeka? Funso limenelo nloyenera chimangirizo chathunthu.

Yachitatu ndi yoŵaŵa. Mu 2009 bungwe la Plan International linatulutsa lipoti la ana ogwira ntchito m'minda ya fodya, ndipo Kasungu inali imodzi mwa maboma amene anafufuzidwa. Lipotilo linanena kuti mwana wothyola fodya wonyoŵa angathe kuloŵetsa m'thupi kudzera pakhungu chikonga chofanana ndi cha ndudu 50 pa tsiku. Mu 2018 nyuzipepala ya The Guardian ya ku London inatumiza mtolankhani ku Kasungu, nilemba za ana a matenanti. Mu Novembala 2019 boma la Amereka linalamula kuti fodya wa ku Malaŵi aziimitsidwa pa madoko ake chifukwa cha nkhaŵa ya ntchito yokakamiza ndi ya ana. Mu 2020 alimi zikwizikwi a ku Malaŵi anasumira makampani a British American Tobacco ndi Imperial ku khothi lalikulu ku London, makampaniwo nakana mlanduwo. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito, niletsa utenanti. Akuluakulu amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo palibe chifukwa chonyozera alendo amene analemba zoona. Chodandaulitsa nchakuti anthu okambidwa m'nkhanizo ambiri sanaziŵerenge, pakuti zinalembedwa m'Chingerezi ndipo zinatuluka kutali. Dziko lonse linamva za tenanti wa ku Kasungu, koma kodi tenantiyo anamva liti, ndipo kwa yani, kuti lamulo lasintha?

Apa ndi pamene mphunzitsi angapeze ntchito zenizeni zopatsa ophunzira ake. Gulu lina lingamvetsere nkhani za pa MBC, pa Zodiak ndi pa wailesi ya m'dera kwa masabata aŵiri msika wa fodya utangotsegulidwa, nkumalemba m'kope kuti amene walankhula ndani: nduna, mkulu wa Tobacco Commission, woimira makampani ogula, mwini esiteti, mlimi wa kontirakiti, kapena mayi amene anasankha masamba usiku wonse. Pamapeto aŵerengetse. Ntchito imeneyi ifuna wailesi, kope ndi cholembera basi, koma yankho lake mulibe pa intaneti, ndipo makina sangalipeke popanda kugwidwa bodza. Gulu lina lingatsatire mtengo wa fodya monga mlenje atsatira mapazi a nyama. Mtengo umene unalengezedwa pa wailesi unali wotani? Pa pepala la malonda panalembedwa zingati? Atachotsapo ngongole ya feteleza, ya mayendedwe ndi misonkho, mlimi anatsala ndi zingati m'thumba? Nanga uthenga wakuti belo lake labwezedwa anaumva kudzera pa foni, kwa tcheyamani wa kilabu, kapena kwa woyendetsa lole? Wophunzira amene watsata njira yonseyi adzazindikira kuti nyuzipepala ndi wailesi si njira zokha zimene uthenga umayendamo, ndi kuti pa maliro, ku tchalitchi ndi pa chigayo pamafalitsidwa zambiri kuposa pa tsamba loyamba.

Palinso chida chimene atolankhani akale analibe. Lamulo lopatsa nzika ufulu wofunsa maofesi a boma kuti apereke zikalata ndi ziŵerengero linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Wophunzira angalembe kalata ku ofesi ya zantchito kapena ku khonsolo, nafunsa za kayendera wa m'maesiteti. Akayankhidwa wapeza nkhani. Akapanda kuyankhidwa, masiku amene wadikira ndi makomo amene wagogoda nazo nzoyenera kuloŵa m'lipoti.

Ena adzati ntchito zotere nzodula, ndipo makoleji ali ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, kutali ndi minda. Mawuŵa ali ndi mbali yoona. Koma ophunzira amabwerera kwawo pa tchuthi, ndipo wa ku Kasungu safuna galimoto kuti akafike kwa amalume ake. Wa ku Mulanje ali ndi tiyi, wa ku Nchalo ali ndi nzimbe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Chovuta chenicheni nchina, ndipo mphunzitsi asachipeputse. Munthu wogwira ntchito pa esiteti amene wauza wophunzira za malipiro ake angathe kuchotsedwa ntchito, ndi kutaya nyumba yomwe, ngati dzina lake lidziŵika. Wophunzira akufuna malikisi, koma winayo akuika pachiswe chakudya cha ana ake. Choncho asanatuluke m'kalasi, ophunzira ayenera kuphunzitsidwa kupempha chilolezo, kufotokoza kumene mawuwo akupita, kubisa maina, ndi kusajambula mwana chifukwa chongofuna chithunzi chomvetsa chisoni. Ayeneranso kudziŵa kuti mwini munda naye ali ndi mbali yake, pakuti nthaŵi zambiri iyenso ndi mlimi wa ngongole amene sakhazikitsa mtengo wa fodya wake. Lipoti lomva mbali imodzi lichotsedwe malikisi, ngakhale litakhala lokoma chotani. Mwambo nawo uli ndi malo ake: mwana wa m'mudzi sangoloŵa pakhomo pa mkulu ndi foni m'manja nkuyamba kufunsa mafunso, amayamba wadzera kwa a nyakwaŵa.

Kenaka pali nkhani ya chiyankhulo. Mlimi amalankhula Chicheŵa, ndipo kumpoto kwa bomalo Chitumbuka, koma lipoti limalembedwa m'Chingerezi, mawu ake nafika pa tebulo la mphunzitsi atasuluka. Nkoyenera kuti ntchito imodzi pa teremu ikhale pulogalamu ya mphindi 10 ya pa wailesi m'chiyankhulo cha anthu amene anafunsidwa, ndipo ikaseŵeredwe pamaso pawo. Iwowo ndiwo adzanena ngati wophunzirayo anamva bwino kapena anawaika mawu m'kamwa.

Aphunzitsi a m'sekondale za ku Kasungu asaganize kuti zonsezi nza ku koleji kokha. Kalasi ya Fomu 3 ingathe kuŵerenga amene akulankhula pa wailesi, ndipo wotsiriza Fomu 4 amene akudikira zotsatira ali ndi nthaŵi yokwanira yolemba zimene agogo ake akukumbuka za moyo wa pa esiteti m'zaka za m'ma 1970. Anthu amene anaona zaka zimenezo akukalamba. Msika wa fodya kaŵirikaŵiri umatsegulidwa m'mwezi wa Epulo, nazale zimafesedwa chilimwe, choncho mphunzitsi wokonza ndondomeko ya ntchito za chaka ayang'ane kalendala ya mlimi asanalembe masiku operekera mapepala.