Akafula si ma-elf, achotseni makutu osongokawo

Mwezi uno wokha m'gulu muno mwalowa nkhani zitatu momwe Akafula atuluka ali ndi makutu aatali osongoka, akulankhula ndi mitengo, akuponya mivi yosaphonya, ena mpaka akukhala zaka 700 osafa. Makomenti pansi pake ndi moto wokhawokha, ati iyi nde nthano yathuyathu. Ine ndikukana. Kalembedwe kanu nkokoma, pamenepo sinditsutsa, koma mwatenga anthu amene anakhalako m'dziko muno, anabereka, anadwala, anaikidwa m'manda, n'kuwaveka chovala cha chidole cha ku America. Chovalachonso eni ake anayamba kale kuchivula.

Tiyambe ndi komwe makutuwo achokera, poti ambiri tinangowaona m'mafilimu. Elf wamtali, wokongola, wa uta m'manja anatchuka ndi mabuku a J.R.R. Tolkien, makamaka The Lord of the Rings la m'ma 1954 ndi 1955. Koma amene anamuika pa sikelo n'kumulembera malamulo ndi a masewero a Dungeons & Dragons, omwe Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974. Masewerowa si a pabwalo. Anthu anayi kapena asanu amakhala mozungulira tebulo, mmodzi n'kumasimba nkhani ngati agogo madzulo, koma enawo m'malo mongoyankha kuti tili tonse, aliyense amasanduka munthu wa m'nkhanimo. Ukafuna kudumpha chigwembe kapena kulasa mdani umaponya dayisi ya mbali 20, nambala yomwe yatulukayo ndiyo ikuuze ngati zatheka. Masewero okoma ndithu, ine atabwera kuno ku Salima ndingakhale nawo pa tebulo.

Vuto lili pa pepala lomwe umadzaza usanayambe. Umasankha mtundu wako, ndipo m'malamulo akale mtunduwo unkabwera ndi khalidwe lake lolongedzeratu ngati katundu wa m'paketi. Elf ndi wopepuka thupi, wodziwa matsenga, amafika zaka 750. Orc anali wamphamvu koma waukali, moti m'buku lina la malamulo la 2016 anachita kumuchotsera mapointi a nzeru, mtundu wonse, asanatsegule n'komwe pakamwa. Nanga ma-elf oipa, otchedwa drow? Amakhala pansi pa nthaka, amapembedza mulungu wa kangaude, ndipo khungu lawo linali lakuda bii. Abwinowo ali kunkhalango kowala. Apa sipafunika digiri, eti?

Osewera ambiri, makamaka akuda, anadandaula kwa zaka. Mu June 2020 kampani ya Wizards of the Coast, eni masewerowa, inavomera poyera kuti momwe ma-orc ndi ma-drow akhala akuonetsedwera zimakumbutsa momwe mitundu ya anthu enieni yakhala ikunyozedwera, n'kulonjeza kusintha. Mu December 2022 inalengeza kuti liwu loti race ikulichotsa m'malamulo atsopano. Ife a pamsika timadziwa za belo la kaunjika: pamwamba pamakhala zokongola zokopa diso, pansi pamakhala zomwe eni ake anataya chifukwa zinatha. Ganizo loti mtundu wonse uli ndi mtima umodzi ndi la pansi pa belo. Ndiye inu mwalitola, mwalisita, mwaveka Akafula.

Elf alibe manda, abale anga. Palibe pomwe mungakumbe ku England kapena ku Norway n'kupeza fupa lake. Akafula ali nawo. Pamwamba pathu pompa, m'mapiri a Chongoni ku Dedza, muli malo 127 a zojambula pamiyala, omwe UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zoyerazo, za nyama ndi zizindikiro za chinamwali ndi gule, anajambula ndi makolo a Achewa. Zofiirazo, zamizeremizere ndi zozungulira, ndi zakale kuposa pamenepo, ndipo akatswiri amati ndi za Abathwa, omwewo timawatcha Akafula. Munthu anapera dothi lofiira, anasakaniza, anaimirira pansi pa thanthwe n'kujambula ndi dzanja la zala zisanu ngati lanuli.

Mu 2017 asayansi anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa DNA ya m'mafupa akale a mu Africa. Ena mwa mafupawo anachokera ku phiri la Hora ku Mzimba, ku Fingira ku Nyika ndi ku Chencherere ku Dedza komweko, akale kwambiri a zaka pafupifupi 8,000. Anapeza kuti mwa Amalawi a lero omwe anawayeza, magazi a alenje akalewo pafupifupi mulibemo. Imani kaye pamenepo. Anthu anakhala kuno zaka zikwizikwi, alimi a chitsulo ndi mbiya n'kufika zaka zoposa 1,500 zapitazo, anakhala moyandikana nthawi yaitali, kenako mbali imodzi inatha, chilankhulo chake n'kupita nayo. Mbali yotsalayo ndi ife. Mukatsika msewu wa M5 kulowera ku Mtakataka, pali Mankhamba pomwe panali likulu la Kalonga, ndipo Yusuf Juwayeyi anakumba pamenepo n'kulemba buku lonse mu 2020. Mafumu athu ali ndi mayina ndi mabuku. Amene tinawapeza tinangowasiyira dzina lachipongwe, Amwandionerapati.

Wina anena kuti nthano ya dzinali si ya azungu, ndi ya agogo athu. Zoona. Tonse tinaimva: ukakumana ndi Kafula amakufunsa kuti mwandionera pati, ukati pompano wakulasa, ukati ndakuonerani kutali uko wakusiya. Timaseka, ati kamunthu kochepa kofuna kuoneka kakakulu. Koma anasimba nthanoyi ndani? Anasimba ndi wamtali, amene anatsala ndi munda, mtsinje ndi phiri. Ine ndikaitembenuza ndimamva zina. Munthu ali m'tchire lomwe makolo ake akhala akusakamo, watulukira alendo ambiri onyamula nkhwangwa zachitsulo, akudula mitengo ya njuchi zake. Akafunsa kuti mwandionera pati, mwina akufuna kudziwa ngati mwaona njira yopita komwe wabisa ana. Ameneyo ndi bambo wamantha, ndipo mlembi wabwino akanayambira pomwepo. Awa ndi maganizo anga chabe, koma ali ndi mnofu kuposa makutu osongoka.

Winanso, ndipo uyu ndi amene ndikulimbana naye kwenikweni, anena kuti ife sitikuwanyoza, tikuwalemekeza, tawapanga kukhala anzeru, okongola, osunga nkhalango. Aaa, ulemu umenewo ndimaudziwa. Kumbukirani momwe ma-elf a Tolkien amathera: nthawi yawo ikakwana amakwera zombo okha, mwaulemu, kupita kutsidya kwa nyanja, dziko n'kusiyira anthu. Palibe wowathamangitsa, palibe wowalanda. Mwa nkhani zitatu zija, ziwiri zathera chimodzimodzi, Akafula akulowa m'nkhungu ya phiri mwakufuna kwawo. Mathero okoma kwambiri kwa ife otsala, chifukwa sasiya funso lililonse pakhomo pathu. Mbiri ya pakamwa ya makolo athu omwe imakamba za kulimbana ndi Akafula, koma inu mwaipukuta n'kuikapo utsi wonunkhira.

Apa ndiponyepo kamodzi: zija amauza alendo ku Mulanje zoti Tolkien anakwera phirilo n'kutengako nzeru za mabuku ake, zisiyeni. Bamboyo anabadwira ku Bloemfontein mu 1892, anachoka mu Africa ali ndi zaka zitatu, sanabwerenso. Sapitwa sakusowa chidindo cha mzungu.

Mwina mukuti mayi ameneyu wakwiya ndi nthano chabe. Munthu akasandutsidwa cholengedwa cha m'nthano, chabwino kaya choipa, zomwe zimatsatira tinaziona. Mu 1906 Ota Benga, mnyamata wamfupi wa ku Congo, anamuika m'nyumba ya anyani ku Bronx Zoo ku New York, anthu n'kumakhamukirako kukamuonera. Pafupi pompano, kuyambira chakumapeto kwa 2014, abale athu achialubino aphedwa, ena adulidwa ziwalo, manda afukulidwa, chifukwa cha nkhani yoti mafupa awo ali ndi mphamvu yolemeretsa. Imeneyonso inali nthano chabe, ndipo mukaimvetsa si yonyoza, ndi yoti munthuyo ndi wapadera, wamatsenga. Sindikunena kuti nkhani yanu ya pa Facebook ipha munthu, ayi. Ndikunena kuti chizolowezi chake ndi chimodzi, ndipo dziko lino lalipira kale mokwanira. Abathwa alipo mpaka lero ku Rwanda, ku Burundi, ku Uganda, ku Congo, ngakhale ku Zambia kuno m'madambo a Bangweulu ndi Kafue. Amadwala malungo, amavota, amasowa fizi. Ndipo pamsika uliwonse pali munthu wamfupi amene ana amamukuwiza kuti kafula, akuluakulu n'kumaseka.

Musamve ngati ndikuletsa nkhani zamatsenga. Lembani, tikuzifuna, tatopa ndi nkhani za chibwenzi cha pa yunivesite. Zolengedwa zomwe sizinakhalepo anthu tili nazo zodzaza dengu. Napolo anatsika ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991, ndipo Steve Chimombo anaonetsa kale kuti akhoza kunyamula buku lathunthu. Pali ndondocha, pali ndege za lichero, pali Kamdothi amene moyo wake wonse umadalira mtambo. Nyanja ili apayi ili ndi nkhani zake zomwe asodzi a ku Senga Bay ndi Chipoka angakusimbireni usiku wonse mutawagulira tiyi. Mukafuna elf weniweni, mulembeni elf, mumutchule elf, palibe angakuimbeni mlandu.

Koma mukalemba Kafula, mupatseni dzina, mupatseni apongozi ovuta, mupatseni dzino lowawa. Pakhale Kafula waulesi ndi Kafula wakhama, wabodza ndi woona, wina wofuna kugwirizana ndi alendo a makasu kuti asinthane nyama ndi mapira, wina wokana. Akangane okhaokha usiku pansi pa thanthwe. Mtsikana wawo akonde mnyamata wa kwa Banda, zivute. Pomaliza musawakweze chombo, tionetseni chomwe chinachitika chaka chomwe nyama zinathawa ndipo dambo lomaliza linasanduka munda.

Ndipo musanalembe, pitani mukaone. Kuchokera pa depoti ya Salima mukwera ya ku Golomoti, mukwera Khwekhwerere mpaka ku Dedza, kuchoka apo mufunsa njira ya ku Mphunzi kapena ku Chencherere. Mukafika mupezanso mayina a anthu a masiku ano atalembedwa ndi makala pamwamba pa zojambula zina, limenelo ndi dandaulo la sabata ina. A Admin, ngati gulu lingasonkhe ya thiransipoti, ine ndibweretsa usipa wa panjira.