Odwala athu akufuna ndiwo, osati mabotolo

Pali malonda ena amene amera ngati bowa m'dziko muno, ndipo ine ndikuti ndi malonda a imfa. Ndikunena za anthu oyenda ndi zikwama zodzaza mabotolo, makapisozi ndi ufa wa masamba, amene amauza munthu wodwala khansa, Edzi, shuga kapena chifuwa chachikulu kuti mankhwala awo "achilengedwe" ndiwo amuchize. Mukatsekula wailesi usiku mumawamva. Pa WhatsApp ndi pa Facebook ali mbwee. Ku Salima kuno amakupezani pa Kamuzu Road musanatsike n'komwe minibasi, ndipo afika kale ku Senga Bay, ku Chipoka ndi ku Lifuwu. Botolo lake ndi lokongola, lili ndi chithunzi cha tsamba lobiriwira ndi Chingerezi chambiri. Koma makolo athu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Musandimve molakwa. Ine sindinyoza zitsamba, ndipo sindinyoza agogo athu amene anatilera ndi mizu chipatala chili kutali. Chimene ndikukana n'chakuti munthu amene m'nyumba mwake mulibe ufa agulitse mbuzi yake yomaliza kuti agule botolo losadziwika za m'kati mwake, pamene thupi lake likulira nsima, nsomba, nyemba ndi dzira. Chimene ndikukana koposa n'chakuti wogulitsayo amuuze kuti ayambe waleka mankhwala a kuchipatala kuti "achilengedwe" agwire bwino ntchito. Ameneyo si sing'anga ayi. Ndi wakupha, ndipo tiyenera kumutchula dzina lakelo.

Kodi taiwala msanga chotere? Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'dziko muno anapezeka m'chaka cha 1985, nthawi imene kukamba za matendawa poyera kunali kuputa mkwiyo wa boma la chipani chimodzi. Tinaika abale athu m'manda tikunena kuti "adwala nthawi yaitali". Titangovota pa 14 June 1993 ndi kusankha boma latsopano mu 1994, kunabuka Mchape. M'chaka cha 1995 anthu mazanamazana, ena amati anafika 300,000, anakhamukira ku Machinga kwa a Billy Goodson Chisupe kukamwa madzi a khungwa la mtengo amene ankati amachiza Edzi. Anapita pa mabasi, pa malole, ngakhale ophunzira ndi mabwana a m'tauni anakaima pa mzere. Nanga maliro analeka? Opala mabokosi ndiwo angatiyankhe. Koma tinene chilungamo pa chinthu chimodzi: a Chisupe sankalipiritsa. Ogulitsa mabotolo a lerowa alibe ngakhale ulemu umenewo.

Inu amene munakhala ku ukapolo wa ndale ku Tanzania mukudziwa za Babu wa ku Loliondo, m'busa wopuma Ambilikile Mwasapile, amene mu 2011 anakokera anthu a m'maiko ambiri ku mudzi wa Samunge kukamwa kapu imodzi ya mizu. Ena anafera pa mzere pomwepo, ena anataya ma ARV awo nkukamwalira atabwerera kwawo. Inu amene munali ku Joni mukukumbukira nduna ya zaumoyo Manto Tshabalala-Msimang, amene m'nthawi ya Pulezidenti Thabo Mbeki ankalimbikitsa adyo, mandimu ndi beetroot pamene boma lake linkazengereza kupereka ma ARV. Akatswiri a ku Harvard atawerengera anapeza kuti kuzengereza kumeneko kunataya miyoyo yoposa 330,000 pakati pa 2000 ndi 2005. Adyo alibe mlandu, mandimu alibe mlandu. Mlandu uli pa munthu amene amatenga chakudya chabwino nkuchiika m'malo mwa mankhwala.

Chimene chinachepetsa maliro m'Malawi muno tonse tikuchidziwa. Mu February 2004 a Bakili Muluzi ananena poyera kuti mchimwene wawo anamwalira ndi Edzi, ndipo m'chaka chomwecho ma ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma. Anthu amene tinali titawalira kale anadzuka pa mphasa, nabwerera ku munda ndi ku nyanja. Palibe botolo la pa depoti limene linachitapo zimenezi, ndipo ndikutsutsa wogulitsa aliyense kuti andionetse munthu mmodzi yekha amene anayezedwa ku chipatala ali ndi kachilombo, namwa ufa wakewo, nayezedwanso kachilombo katachoka.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna kuti tikhalitsepo. Chifukwa chiyani anthu amagulabe mabotolowa? Si kupusa ayi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wodwala akapita ku chipatala amalandira mapiritsi ake, namwino nkumuuza mwachangu kuti "muzidya zakudya za magulu asanu ndi limodzi", basi wotsatira alowe. Munthu uja akafika kunyumba apeza nsima ya mgaiwa ndi masamba otendera mchere. Thupi likupitirira kuwonda, miyendo ikunjenjemera, chilakolako cha chakudya palibe. Ndiye kukubwera mnyamata wovala tayi, akukhala naye pansi ola lathunthu, akumumvetsera, akumutchula kuti "mayi anga", akumulonjeza mphamvu. Mayi uja akugula chiyembekezo chimene chipatala chinalibe nthawi yomupatsa.

Chikhalirecho nkhani ya chakudya kwa wodwala si nthano. A bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO ananena kalekale kuti munthu wamkulu amene ali ndi kachilombo koma sanayambe kudwala amafunika chakudya chopatsa mphamvu choonjezera ndi magawo 10 pa 100 alionse, ndipo akayamba kudwala amafunika choonjezera ndi magawo 20 mpaka 30. Chifuwa chachikulu ndi khansa nazo zimadya mnofu wa munthu. Thupi lotere limafuna zomanga thupi ndi mafuta, ndipo zonsezi zili pakhomo pathu pano. Usipa ndi utaka, zimene timadya ndi mutu ndi minga yomwe, zimamanga thupi ndi kulimbitsa mafupa. Nsinjiro zothira mu nkhwani, mu bonongwe kapena mu phala zimaonjezera mafuta kwa munthu amene sangathe kumaliza mbale ya nsima. Pali nyemba, khobwe, nandolo, soya, dzira la nkhuku ya pakhomo, mpunga wa ku Lifuwu, mbatata yofiira m'kati, mango, mapapaya ndi malambe amene Salima ali nawo osawerengeka. Wodwala amene chakudya chikumukanika azipatsidwa pang'onopang'ono koma kawirikawiri, chofewa ngati m'kamwa muli zilonda, ndi madzi owiritsa kapena othira mankhwala, pakuti kutsekula m'mimba kumagwetsa munthu wofooka msanga kuposa matenda ake enieniwo.

Nanga chammwamba? Inde, masamba ake ndi ndiwo yabwino ndithu, ndipo mtengo wake umamera wokha m'mipanda ya m'midzi ya kunyanja kuno. Thyolani, phikani, tenderani, mudye. Koma wina akautenga mtengo womwewo, naumitsa masamba, nawasinja, nawaika m'makapisozi nkulemba kuti moringa, mtengo wa botolo limodzi umakwana kugula ndiwo za banja za masiku angapo. Ndaona ndi maso anga mayi wina wa m'mbali mwa nyanja, amene dzina lake sinditchula, atagulitsa usipa wake wonse wa pa thandala kuti agule mabotolo awiri a ufa wotere, pamene mtengo wa chammwamba uli kuseli kwa bafa lake. Anagulitsa mankhwala enieni kuti agule chithunzi chake.

Pali choopsa china chimene ogulitsawa sanena. Kuyambira 2019 anthu ambiri a pa ma ARV m'dziko muno anasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir. Mankhwala amenewa amachepa mphamvu munthu akawamwera pamodzi ndi mapiritsi a calcium kapena a ayironi m'mimba mulibe kanthu, kapenanso ndi mankhwala ena oziziritsa chilungulira. Kodi mnyamata wa tayi uja amadziwa zimenezi? Kodi amadziwa zimene zili m'botolo lake lomwe? Zosakanizasakaniza zosayezedwa zimatha kuononga chiwindi ndi impso, ziwalo zomwe zikulimbana kale ndi matenda ndi mankhwala. Safunsa anadya phula. Chilichonse chimene wodwala akufuna kumwa, apite nacho kwa dokotala kapena namwino wake akachione.

Wina anena kuti, ndiye kuti zitsamba ndi chipatala sizingayendere limodzi? Yankho lili ku Salima konkuno. Mayi Lucy Finch, namwino wobadwira m'dziko muno amene anakhala zaka zambiri kunja ndipo anaphunzira ntchito yosamalira odwala matenda osachizika ku Hospice Africa ku Uganda, anabwerera kwawo natsekula malo a Ndi Moyo m'chaka cha 2007. Pamalopo anadzala dimba la zitsamba zothandiza pa zovuta zing'onozing'ono za odwala, koma wa ululu waukulu ankapatsidwa morphine, wa ma ARV ankalimbikitsidwa kumwa ma ARV ake, ndipo palibe amene ananamizidwa kuti khansa yake ichoka ndi tsamba. Mu 2016 a BBC anawaika mayiwa pa mndandanda wa amayi 100 odziwika pa dziko lonse. Kusiyana kwa iwo ndi a mabotolo n'kumeneku: iwo anauza wodwala zoona nakhala naye mpaka mapeto, pamene a mabotolo amamuuza bodza, ndalama ikatha foni yawo siipezekanso.

Tsopano ndilankhule ndi inu a boma, a chipani chilichonse chimene chakhalapo pa mpando kuyambira 1994, pakuti nonse mwadya nawo. Inu mukudziwa kuti chakudya n'chofunika kwa wodwala. Mukanapanda kudziwa, a Bingu wa Mutharika sakanakhazikitsa nthambi yoona za kadyedwe, HIV ndi Edzi mu ofesi ya Pulezidenti mu 2004. Mukanapanda kudziwa, simukanalengeza mu 2008 kuti wogwira ntchito m'boma amene ali ndi kachilombo azilandira K5,000 pa mwezi yogulira chakudya. Zinali bwino ndithu, koma ine ndikufunsa: nanga mkazi wamasiye wa msodzi wa kwa Maganga, amene alibe nambala ya ntchito ku Capital Hill, thupi lake ndi lachitsulo? Kodi njala imayamba yafunsa payisilipi?

Anthu a ku Salima sanaiwale 2002, pamene chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa ndipo boma lino linali limodzi mwa maboma amene njala inasautsa koposa. Oyamba kugwa anali odwala. Sanaiwalenso kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, mafuta ophikira, shuga ndi dzira nkusanduka zakudya za mabwana. Nsomba nayo yathawa m'mbale ya mmphawi. M'zaka za m'ma 1970 Mmalawi mmodzi ankadya nsomba pafupifupi makilogalamu 14 pa chaka, koma pofika m'ma 2000 sinkakwananso ngakhale theka la pamenepo. Chambo chimene chatsala chimakwera galimoto m'mamawa kupita ku Lilongwe ndi ku mahotela, ndipo mwana wobadwira pa gombe amangomva fungo. Amayi ena amafika pogona ndi asodzi kuti apeze nsomba zokagulitsa, njira yomwe kachilombo kakuyendera m'madoko athu. Ndipo mu January 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake mwadzidzidzi, tonse tinaona kuti moyo wa odwala athu takhala tikuupachika pa chifundo cha alendo.

Wina asatiuze kuti lamulo palibe. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kufalitsa uthenga wabodza kapena wosocheretsa pa za matendawa. Lamulo la 2019 linakhazikitsa bungwe la PMRA loyang'anira mankhwala, kuphatikizapo azitsamba. Bungwe la MACRA lilipo loyang'anira mawailesi. Ndiye tikupempha kuti aliyense wolengeza kuti amachiza Edzi kapena khansa aonetse umboni wake kwa akatswiri, akalephera akayankhe ku khoti, ndipo wailesi imene yadya ndalama zake iyankhe naye limodzi. Pa chilumba cha Mbenje konkuno ku Salima, ufumu wa a Makanjira wakhala ukutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kuti nsomba ziswane, ndipo asodzi amamvera. Ngati mfumu yopanda apolisi ikutha kusunga lamulo pa nyanja, boma la mfuti ndi makhoti likulephera bwanji pa depoti?

Tikupemphanso kuti chiponde ndi phala la Likuni zisamasowe m'zipatala kwa odwala akuluakulu amene awonda kwambiri, ndipo zigulidwe ndi ndalama za misonkho yathu, pakuti mtedza ndi soya timalima tokha. Alangizi a zaumoyo a m'midzi apatsidwe nthawi ndi njinga zoti akakhale pansi ndi wodwala ndi womusamalira, awaonetse kuphika zimene zili pakhomo pawo. Aphungu a ku Salima akafunse ku Nyumba ya Malamulo kuti ndalama za kadyedwe ka odwala zili pa tsamba liti la bajeti, ndipo akatiuze yankho pa msonkhano, masana, tonse tikumva.

Ndipo inu abale anga a m'tauni, ndi inu amene munabwerako kunja, nanunso muli ndi mbali yanu. Ambiri mwa mabotolowa amagulidwa ndi ndalama zanu, chifukwa mukamva kuti mayi akudwala kumudzi, chikumbumtima chimakutumani kugula chinthu chodula chooneka chachizungu. Lekani. Tumizani ndalama ya mazira, mtedza, usipa ndi mafuta ophikira. Tumizani ya thiransipoti kuti asaphonye tsiku lokatenga mankhwala. Koposa zonse pitani mukawaone, mukawaphikire phala, muwadyetse ndi dzanja lanu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tinavotera nyali mu 1993 kuti tizinena zinthu poyera popanda kuopa kutengedwa usiku. Ufulu umenewo sunabwere kuti akathyali azinamiza odwala pa wailesi ife tili chete. Amene akufuna voti ya anthu a kunyanja ayambe watiuza kuti wodwala wa kwa Kuluunda adya chiyani mawa asanamwe mapiritsi ake.