Mbande Zadzalidwa, Nanga Mitengo Ili Kuti?

Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, dziko la Malawi limakhala m'nyengo yodzala mitengo. Nduna zimagwada ndi mbande m'manja, ana asukulu amaimba, makampani amagawa matisheti, madzulo ake wailesi n'kulengeza mamiliyoni a mitengo yomwe yadzalidwa. Koma woima pamsika wa Ndirande akakweza maso kuphiri amangoona miyala ndi minda ya chimanga, pomwe panali nkhalango mpaka m'zaka za m'ma 1990. N'chifukwa chake ena amati kudzala mitengoku kwasanduka mwambo chabe.

Olimbikitsa kudzala ali ndi umboni wolemera. Mu 2023 magazini ya zaumoyo ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wa m'mizinda 93 ya ku Ulaya. Ofufuzawo anapeza kuti m'chilimwe cha 2015 anthu pafupifupi 6,700 anamwalira chifukwa cha kutentha komwe simenti, phula ndi madenga zimasunga m'mizinda, ndipo anawerengera kuti oposa 2,600 akanapulumuka mitengo ikanaphimba magawo 30 pa 100 alionse a mizindayo. Ku Philadelphia, m'dziko la America, anayesa china: anachotsa zinyalala m'mapuloti osiyidwa, n'kudzalamo kapinga ndi mitengo ingapo. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 2018, zinaonetsa kuti m'madera osauka kuomberana ndi mfuti kunatsika ndi magawo 29 pa 100. Aliyense amene anadikirirapo minibasi padzuwa la Okutobala pa depoti ya ku Lilongwe amadziwa kale phindu la mthunzi popanda kuwerenga lipoti.

Palinso chilonda cha namondwe wa Freddy. Mu Malichi 2023 matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Mizu imagwira dothi, masamba amachepetsa liwiro la madzi, ndiye phiri lodazi limagumuka msanga. Komabe kunena kuti mitengo yokha ikanaletsa ngoziyo n'kupitirira muyeso. Mvula ya masiku angapo yosalekeza imagumula ngakhale mapiri a nkhalango, komanso nyumba zambiri zinamangidwa m'njira ya madzi.

Otsutsa sakana kuti mtengo ndi wabwino. Funso lawo ndi lakuti, pa mbande zodzalidwazo, zingati zimafika posanduka mtengo? Kafukufuku wa mu 2022, yemwe anaunika malo 176 obwezeretsamo nkhalango m'maiko otentha a ku Asia, anapeza kuti pakatha zaka zisanu mbande 44 pa 100 zilizonse zimakhala zitafa. Ku Turkey, boma linadzalitsa mitengo 11 miliyoni tsiku limodzi mu Novembala 2019, ndipo pasanathe miyezi itatu bungwe la ogwira ntchito zaulimi ndi nkhalango linati yambiri yauma, ngakhale boma linakana.

Kunoko zopha mbande n'zodziwika. Zambiri zimachoka kunazale mochedwa, mvula ili pafupi kusiya, mizu isanazame. Kenako kumabwera mbuzi, chiswe, ndi moto wa osaka mbewa. Mbande yodzalidwa m'mbali mwa msewu pa tsiku la mwambo ilibe mwini woithirira kapena kuitchingira, pomwe mango wa pakhomo amakula chifukwa pali wina akudikira zipatso zake. Ndalama nazo zimathera pa tsiku lodzala. Za kupalira ndi kulambula njira zotchinga moto sizioneka kawirikawiri.

Mtundu wa mtengo ulinso ndi nkhani yake. Bulugamu amakula msanga ndipo amapereka milimo, koma amamwa madzi ambiri. Ku South Africa, kuyambira mu 1995 boma lakhala likulipira anthu kuti azidula mitengo yachilendo ngati imeneyi m'mbali mwa mitsinje.

Njira yomwe ikuoneka kuti ili ndi nzeru kwambiri ndi yosafuna mbande n'komwe. Ku Niger, kuyambira m'zaka za m'ma 1980, Tony Rinaudo wa ku Australia analimbikitsa alimi kusiya mphukira za pazitsa, kusankhapo zamphamvu n'kumazitengulira. Lero mahekitala pafupifupi 5 miliyoni abiriwiranso. Mitengo yachilengedwe ya kuno, monga mombo ndi msuku, nayo imaphukira pachitsa, ndipo mizu yake ndi yozama kale, siopa chilimwe. Dziko la Malawi, lomwe linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030, lingafike patali poteteza mphukira m'mapiri ngati Michiru ndi Soche, n'kusiya kudzala kuti kuchitike m'misewu, m'sukulu ndi m'misika momwe mulibe zitsa. Kumenekonso mbande iliyonse izikhala ndi woiyang'anira wodziwika, ndipo lipoti lizinena zomwe zapulumuka pakatha zaka zitatu.

Chovuta n'chakuti mphukira nayo imagwa ndi nkhwangwa. Mabanja ambiri a ku Blantyre ndi ku Lilongwe amaphikira makala, chifukwa magetsi ndi osadalirika ndipo gasi ndi wodula. Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, asilikali anatumizidwapo kukalondera nkhalango ya Dzalanyama, koma njinga zosenza matumba a makala zikulowabe m'tauni m'bandakucha uliwonse, ndipo ogula ake ena ndi omwe aja amavala matisheti pa tsiku lodzala mitengo.