Musanadule ekizozi, tatsegulani kaye boneti

Kuseri kwa nyumba ya azakhali anga ku Area 25 kuli Subaru Impreza WRX yabuluu imene yakhala pamiyala chaka chathunthu tsopano. Masana nkhuku zimabisala dzuwa kunsi kwake. Matayala anagulitsidwa, batire wina anabwereka osabweza, koma paipi yakumbuyo ija ikadali phuliphuli, yaikulu moti chibakera chimalowa. Mwini wake ndi msuweni wanga. Ndamuuza kuti ndilemba za iye, wati bola ndisatchule dzina.

Galimotoyi itangolowa pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam, sabata isanathe inali kale kwa owotcherera. Anadula sailensa, n'kuchotsa catalytic converter, n'kulumikiza chipaipi cholunjika mpaka kumbuyo. Ndisaname, inkalira bwino. Subaru za turbo zakalezi zili ndi kabingu kake, chifukwa mapaipi ochoka ku masilinda anayi aja ndi osiyana kutalika, ndiye utsi umatuluka modukizadukiza ngati ng'oma. Akamakhota pa Nsungwi ife tili m'nyumba tinkadziwa kuti man afika.

Tsiku lina ndinamufunsa kuti timing belt inasinthidwa liti. Anandiseka. "Aise, ya ku Japan iyi, eni ake amasamala." Patangotha miyezi inayi, akupita kunyanja ndi anzake, atangodutsa pa Chezi injini inangoti zii. Kagudumu kamodzi kamene lamba amayendapo kanagwira, lamba n'kulumpha mano, mapisitoni n'kumenya mavalavu. Kunyanja sanafike. Anabwerera pa chingwe.

Ndikulemba izi chifukwa msuweni wangayo sali yekha. Tayang'anani m'magulu a WhatsApp a okonda galimoto. Munthu akaika kavidiyo ka Golf GTI ikuphulika moto kumbuyo, ndemanga mbwee. Wina aikepo chithunzi cha water pump yatsopano, palibe angamuyankhe. Tafika poti mawu oti tuning timawamva ngati akutanthauza phokoso. Ine ndikuti ambiri mwa amene mukudula mapaipi simukuchuna galimoto ayi. Mukugula kuombera m'manja, ndipo mukulipira ndi ndalama ya sevisi.

Tiyambe ndi bodza lija loti "injini izipuma bwino". Muli kachoonadi pang'ono. Utsi ukamatuluka mosavuta injini siivutika kuukankha. Koma pa galimoto yopanda turbo, Altezza kapena Mark X yanuyo, kusintha chigawo chakumbuyo chokha kumakupatsani mphamvu yochepa kwambiri, yoti thupi lanu silingaimve. Chimene mukumva ndi khutu. Galimoto ikamalira kwambiri mutu umakuuzani kuti ikuthamanga. Mukaika paipi yaikulu mopyola muyezo, utsi umayenda pang'onopang'ono m'katimo, ndipo galimoto imatha kukhala yaulesi ponyamuka, pomwe paja m'tauni mumanyamuka ndi kuima tsiku lonse.

Pa galimoto ya turbo nkhani ndi ina, ndipo apa m'pamene pali ngozi yeniyeni. Mukakulitsa downpipe, paipi yochoka pa turbo penipeni, mphamvu imawonjezekadi. Turbo imazungulira msanga, mpweya wolowa umachuluka. Koma kompyuta ya injini ikadali ndi masamu akale a kufakitale. Boost ikalumpha kupyola pamene inakonzedwera, petulo n'kuchepa poyerekeza ndi mpweya, moto wa m'silinda umayamba kuphulika mwachisawawa, ndipo chimene chimasweka ndi pisitoni. Onjezani apo izi: galimoto zamphamvu za msika wa ku Japan anazichunira petulo wa octane yoyandikira 100, pamene wa pa mapampu athu ndi wotsikirapo. Ndiye kuti injiniyo yafika kuno ili kale m'mphepete mwa phompho, inu n'kubwera kudzaikankha ndi chipaipi, popanda munthu wodziwa kukonzanso masamu a kompyuta. Akuluakulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika, ndipo sankanena za Subaru, koma zikugwirizana.

Nanga catalytic converter ija mukuichotsa? M'kati mwake muli platinum, palladium ndi rhodium, n'chifukwa chake wowotcherera ena amakuuzani mwaulemu kuti "ichi bwana chisiyeni, tikutayirani". Akutayirani kuti? Koma zimenezo n'zazing'ono. Mukaichotsa, pa galimoto zambiri kababu ka check engine kamayaka osazimanso, chifukwa sensa yakumbuyo ikuona kuti utsi sukusefedwa. Mumazolowera. Ena mpaka kumatapo tepi yakuda. Tsiku limene koyilo idzafe, kapena sensa ina idzayambe kunama, kababuko sikadzakuuzani kanthu katsopano, chifukwa kanayaka kale chaka chatha. Mwatseka pakamwa pa mlonda kenako mukudabwa kuti akuba alowa bwanji. Ndipo paipi ikamabangula chonchija, kulira kwa beyaring'i kapena kagogodo koyamba ka m'injini mungakamve? Msuweni wanga akuvomera yekha kuti kagudumu kaja mwina kanali katayamba kale kulira.

Tsopano za zinthu zosaoneka zija, zimene palibe angakujambuleni nazo.

Injini ya EJ20 ya mu WRX ili ndi ma camshaft anayi, onse akuyendetsedwa ndi lamba mmodzi wautali. Lambayo amayenera kusinthidwa pa makilomita pafupifupi 100,000, ndipo labala imakalamba ndi zaka ngakhale galimoto itangoima. Taganizani: galimoto zambiri zimene timaitanitsa zimabwera zili pafupi ndi nambala imeneyo. Mwini wake woyamba anaigulitsa ntchito yodulayo isanamufike, waisiyira inu. Ku Japan akasintha lamba nthawi zambiri amamata kasitika pa injini kolemba tsiku ndi makilomita. Ngati kulibe, muziyesa kuti sanasinthe. Ndipo musasinthe lamba yekha. Tensioner, timagudumu tonse ndi water pump zipite limodzi, poti malo ndi amodzi ndipo kumasula kwake n'kumodzi.

Eni a Golf 5 GTI musamwetulire. Inu muli ndi kanu, kachitsulo kangati chivindikiro cha botolo kotchedwa cam follower, kamene kamakhala pakati pa camshaft ndi pampu ya petulo. Kamadyeka pang'onopang'ono. Kakabooka kamatenga camshaft ndi pampu yomwe. Kuyang'ana kwake ndi ntchito yosafika ola limodzi, mtengo wake n'kachigawo chabe ka mtengo wa paipi yonyezimira. Ndi angati mwa inu amene munakaonapo?

Oyilo ndiye sindikufuna n'komwe kuyamba. Turbo imazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi, ikusambira mu oyilo yemweyo amene mwagula wa m'chigubu chopanda chizindikiro chifukwa ndalama inathera ku sailensa. Fumbi lathu la mwezi wa October mukulidziwa, koma mwachotsa bokosi la fyuluta n'kuikapo kachisoti kotseguka kaja, kamene kakukoka mpweya wotentha wa pa injini, chifukwa kamalira "pshii".

Ndiye pali mabuleki, ndipo apa ndimasiya kuseka. Brake fluid amakoka chinyezi cha mumpweya, n'chifukwa chake amati muzisintha zaka ziwiri zilizonse. Akakhala ndi madzi ambiri amawira msanga, ndipo akawira phazi limangolowa mpaka pansi. Kodi munatsikapo Khwekhwelele kupita ku Golomoti galimoto itadzaza anthu ndi cooler box? Pamenepo paipi singakuthandizeni. Matayalanso ali ndi tsiku lobadwa: manambala anayi m'mbali, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. 2316 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2016. Tapitani mukaone anuwo, ndidikira. Injini ikafa mumalira nokha. Tayala likaphulika pa 140 amalira ndi makolo a anthu ena.

Ndikudziwa chimene mundiyankhe. "Galimoto ndi yanga, ndalama ndi zanga." Zoona, ndipo sindikubwera kudzakulandani makiyi. Enanso muti moyo ndi waufupi, munthu asangalaleko. Inenso ndimatsitsa galasi WRX ikamadutsa, sindibisa. Nkhondo yanga si ya paipi, ndi ya ndondomeko. Ndi mmene ndalama yakunja ikuvutiramu, chitsulo chilichonse cha injini chimene mwaswa muchiitanitsa kuchokera ku Johannesburg kapena ku Dubai, pa mtengo umene mukuudziwa, n'kudikira masabata. Thumba ndi limodzi. Ngati lingakwanitse chimodzi chokha mwezi uno, lamba ndi paipi sizingapikisane.

Paja amene timawasirirawo sankachita chonchi. Colin McRae anatenga ukatswiri wa dziko lonse wa rally mu 1995 ndi Impreza, ndipo Subaru inapambana chikho cha opanga galimoto zaka zitatu zotsatizana, 1995, 1996 ndi 1997. Mavidiyo ake ali pa YouTube, tonse timaonera galimoto ikuuluka. Koma taonerani mbali imene mumadumpha ija, galimoto ikalowa kwa amakaniko pakati pa mpikisano. Anthu ambirimbiri amaigwera ngati nyerere, kusintha mabuleki, mashoko, nthawi zina giyabokosi yonse, kangapo pa tsiku limodzi. Ife tinatengako mtundu wabuluu, masitika ndi phokoso. Sipanala tinasiya.

Za anthu amene mumawadzutsa usiku ndi ma pops and bangs anuwo ndinena mwachidule, poti mukudziwa kale. Kuphulikako ndi petulo wosapsa amene akupsera m'paipi, kuwotcha turbo ndi mavalavu, petulo yemwe uja munagonera pa mzere. Mayi amene wagoneka mwana movutikira sakusirirani.

Sabata yatha kunabwera mnyamata wina kwa azakhali, wa Altezza yoyera, atamva kuti pali paipi yogulitsa. Anagwada kuseri kwa Subaru ija, kuisisita, kuijambula, n'kumatumizira anzake. Msuweni wanga anatchula mtengo, mnyamata osanenerera n'komwe. Ndili pakhonde ndinamufunsa kuti oyilo anasintha liti chiigulireni galimotoyo. Anayang'ana kumwamba, kuwerenga ndi zala, kenako anati, "Ankolo, ikadali bhobho, sinayambe yavutapo." Msuweni wanga anandiyang'ana, n'kulowa m'nyumba kukatenga sipanala yomasulira paipi. Ndalamayo akuti ayambira kusungira mavalavu.