Njinga yamoto yakale si geti ya pampanda

Pali mliri umene wagwa pakati pa anthu okonza njinga zamoto zakale, ndipo mtundu wake ndi wakuda bii, wosawala. Munthu amagula Triumph kapena Honda ya zaka 50, n'kuimasula yonse mpaka bawuti yomaliza. Kenako amalongedza felemu, thanki, malimu, madigadi ndi zophimba injini, ulendo wa kwa mmisiri amene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi kupaka mageti ndi mipando ya mu ofesi. Lamulo limakhala limodzi basi: "Zonsezi muthire penti wa ufa, wakuda wosawala." Zitsulo zikabwerako, mwini wake amazijambula, amaika pa Instagram, gulu n'kuwomba m'manja. Ine manja anga ndapinda. Kumeneko si kukonza njinga ayi. Ndi ulesi, ndipo nthawi zina ndi ulesi woika moyo wa wokwera pachiswe.

Ndisamveke ngati ndimadana ndi penti wa ufa, uja amalonda amautcha powder coating. Ndi luso labwino likagwera m'manja mwa wodziwa. Ufa wouma wa pulasitiki umapoperedwa ndi mfuti yake imene imaupatsa mphamvu ya magetsi kuti umamatire pachitsulo. Chitsulocho chimalowa mu uvuni wotentha madigiri 180 mpaka 200, ufa n'kusungunuka, n'kuuma kukhala chikopa cholimba. Njira yopopera motereyi inafala m'mafakitale m'zaka za m'ma 1960. Pa felemu, pa sitandi ndi pa chitsulo chogwira tayala lakumbuyo, penti wamba wa m'chitini sangapirire miyala monga umachitira ufa. Chimene ndikukana ndi chipembedzo chimene chamera pa ufawu, chakuti chitsulo chilichonse chiyenera kulowa mu uvuni, ndipo chofunsana ndi mtundu wokha.

Mtundu ndi funso lomaliza. Loyamba nali: kodi chitsulochi chipirira moto? Tengani thanki ya petulo. Mathanki ena akale ali ndi malo amene anamatidwa ndi mtovu, uja amisiri amamatira zitini, ndipo mtovu wosakaniza woterowo umasungunuka pa madigiri 183. Onani bwino nambala imeneyo, muiyerekeze ndi kutentha kwa uvuni kuja. Thanki imene yasunga petulo bwinobwino kwa zaka zonsezi ikhoza kutuluka mu uvuni ikuwala koma ikudontha, ndipo ikudonthera pamwamba pa injini yotentha, pakati pa miyendo ya munthu. Ngati wina anatsekapo malo opindika ndi phala lija amagwiritsa ntchito owongola magalimoto, phalalo limatupa n'kusweka ndi moto, ndipo ufa sugwirapo bwino chifukwa si chitsulo. Thanki imafuna penti wamadzi, wopopera m'magawo oondaoonda, wokhoza kukwechedwa ndi kupukutidwa mpaka munthu adzione nkhope.

Zophimba injini za aluminiyamu nazo zili ndi chinsinsi chake. Aluminiyamu woumbidwa m'chikombole amakhala ndi timibowo tosaoneka ndi maso, ndipo kwa zaka 40 kapena 50 timibowoto takhala tikumwa oyilo. Akangotenthedwa, mpweya ndi mafuta zimatuluka n'kuboola ufa umene ukusungunuka, chophimba n'kutuluka chili tokhotokho ndi timatuza. Mmisiri wodziwa amayamba wachiwotcha chitsulocho chili chosapaka kuti chilavule zonse, kenako n'kuchitsukanso. Wa mageti alibe nthawi imeneyo. Nanga zipsepse za pa silinda? Ntchito yake ndi kutaya kutentha mumphepo, ndipo kuzikuta ndi pulasitiki wochindikala n'kulimbana ndi amene anapanga injiniyo. Za ekizozi n'zosachita kufunsa: kutentha kwa pakamwa pa injini kumaposa kutali zimene ufa wamba ungapirire.

Tsopano tiyeni tigwade pafupi ndi felemu, pomwe ufa uli pakwawo, tione mmene ngakhale pamenepo anthu amaonongera. Ufa umachindikala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, ndipo wothira mosasamala amapitirira apo. M'maso ndi zochepa, koma beringi ya pakhosi pa felemu imalowa pamalo ake mothina kuposa pamenepo. Malo amenewo akapanda kutsekedwa, beringi imakana, makaniko n'kutenga hamala. Mazinga a mabawuti akadzaza ufa, bawuti imalowa mokhota n'kudya mazingawo. Pamene waya wa magetsi amagwira chitsulo cha felemu pakakutidwa, nyali zimayamba kuphethira, mwini wake n'kumatukwana batire yosalakwa. Choopsa kwambiri ndi pamene injini imamangidwa ku felemu. Ufa ukatsala pakati pa zitsulo ziwirizo, umaphwanyika pang'onopang'ono ndi kunjenjemera kwa injini, ndipo bawuti imene munaimanga gwa mu Januwale imapezeka ikugwedera mu Juni. Ndiye pali nambala ya felemu, imene pa njinga zambiri imadindidwa pakhosi. Ufa wochindikala umaimeza, ndipo tsiku lokalembetsa njinga kapena lokumana ndi apolisi apamsewu, mwini wake amasanduka wogwidwa ndi katundu wopanda dzina.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Penti woonda amang'ambika pamodzi ndi chitsulo, motero felemu ikayamba mng'alu pafupi ndi powotcherera, maso amaona msanga. Ufa ndi wochindikala komanso umatamuka pang'ono, ndiye ukhoza kubisa mng'aluwo mpaka utakula. Mwala ukaswa pang'ono, madzi amalowa, dzimbiri n'kumayenda kunsi kwa chikopa kunja kukuwalabe. N'chifukwa chake ntchito yeniyeni ili pa zimene kamera sijambula: kuchotsa mafuta onse, kuwomba chitsulo ndi mchenga wake mpaka chiyere, kuchiunika bwino chili maliseche kuti aone ming'alu, kuchitsuka ndi mankhwala oletsa dzimbiri, ndi kuyamba ndi ufa wapansi usanabwere wapamwamba. Wodumpha zimenezi akugulitsani mkuyu.

Ngakhale ufawo si umodzi. Wa epoxy ndi wolimba ndipo umateteza bwino ku dzimbiri, koma dzuwa limaudya, umatuwa n'kuyamba kusiya fumbi loyera m'manja. Malo ake ndi pansi. Wa polyester ndiwo umapirira dzuwa, ndiwo woyenera pamwamba. Wothira amene sangakuuzeni kuti m'bokosi mwake muli uti, musamupatse ngakhale sitandi. Nanga wakuda wosawala uja anthu apenga nayeyu? Amagwira fumbi, amasunga chidindo cha chala chilichonse cha oyilo, ndipo mukayesa kupukuta pokalika, pamalopo pamawala n'kusiyana ndi ponse. Wowala kwambiri amaulula pamene pali chipsera chilichonse cha dzimbiri lakale, koma amatsukika ndipo ndi amene amafanana ndi mafelemu oyambirira. Wapakatikati amakhululuka zambiri. Kusankha kumeneku kumafuna kuyang'ana chitsulo chimodzichimodzi, osati kuloza wakuda wa RAL 9005 pa tchati cha mitundu n'kunena kuti zonse.

Chimene chimandiwawa koposa ndi kufufuta mbiri. Njinga zimenezi zinali ndi nkhope. Speed Twin imene Edward Turner anaikonzera kampani ya Triumph mu 1937 inkadziwika ndi kufiira kwake kwa Amaranth Red. BSA Bantam, imene inayamba mu 1948, anthu amaikumbukira ndi kubiriwira kotuwira kwa Mist Green. Bonneville yoyamba ya 1959 inatuluka ndi thanki ya mitundu iwiri, wa lalanje ndi wotuwa. Honda CB750 ya 1969 inabwera ndi penti wonyezimira mwakuya, wopakidwa m'magawo, kuwala kukuchokera pansi. Pa mathanki a BMW ndi a Royal Enfield za ku Madras, timizere tinkajambulidwa ndi burashi, ndi dzanja la munthu. Mafelemu ambiri a njinga za ku Britain ankakhala akuda, inde, koma akuda owala a enamelo woonda wowotchedwa mu uvuni, moti mfundo iliyonse ya chitsulo inkaoneka.

Okonda wakuda wosawalawa amati akutsanzira anyamata akale a ku Ace Cafe, pa North Circular Road ku London. Bodza! Anyamata aja ankatenga injini ya Triumph n'kuikhazika mu felemu ya Norton Featherbed, imene Rex McCandless wa ku Belfast anaipanga, n'kutulutsa njinga yotchedwa Triton. Ankachotsa zolemera kuti njinga ithamange, ndipo mathanki awo a aluminiyamu ankawapukuta mpaka kuthobwa m'maso. Ankadula njinga chifukwa cha liwiro. A lerowa akuikwirira chifukwa cha chithunzi.

Wina ati, "Njinga ndi yanga, ndalama ndi zanga." Zoona, ndipo palibe akukuletsani kuisintha. Dulani mpando, sinthani mahandulo, pakani mtundu wa kumtima kwanu. Koma fakitale ya Triumph ku Meriden inatsekedwa mu 1983, ndipo thanki yoyambirira imene mwaiononga lero palibe adzaiumbenso. Penti wamadzi amachoka mosavuta mwini wotsatira akafuna kubwezera zakale. Ufa kuti uchoke pamafunika mankhwala aukali, moto, kapena mchenga wamphamvu umene ukhoza kupinda ndi kupyapyalitsa chitsulo choonda cha thanki ndi madigadi.

Kwathu kuno nkhaniyi isaoneke yakutali. Ma Yamaha AG ndi DT amene alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo anayenda nawo m'midzi, ndiwo njinga zakale zathu, ndipo ena ayamba kale kuwafukula m'magalaja. Misewu yathu ndi ya miyala, dzuwa lathu ndi losanyengerera, ndipo mwala ukaswa penti, chida chimene mmisiri wa pa Biwi kapena ku Ndirande ali nacho ndi burashi ndi kachitini. Penti wamadzi amalola chigamba choterocho. Ufa umachikana, chigamba chimaonekera patali.

Choncho musanatsitse zitsulo pagalimoto, mufunseni wothirayo: muwomba ndi chiyani? Mutseka pati? Aluminiyamu mumayamba mwamuwotcha? Pansi muika ufa wanji, pamwamba wanji? Thanki iyi mwaiona pomatidwa? Akayankha molongosoka, mpatseni felemu, sitandi ndi timabulaketi, thanki mupite nayo kwa wopopera penti. Akangokutambasulirani tchati cha mitundu n'kunena kuti mawa zatheka, kwezani katundu wanu muzipita. Kuchedwa sabata ziwiri kuli bwino kusiyana ndi kudzazindikira pa liwiro la makilomita 100 kuti bawuti ya injini yamasuka.