Tisamangowerenga cidule, nkhani yonse iri ku laibulale

Ophunzira ambiri a m'mayunivesite athu amalemba malipoti a kafukufuku atangowerenga cidule ca nkhani za akatswiri. Cifukwa cake ticidziwa. Tikapeza nkhani pa Google Scholar n'kufuna kuiwerenga yonse, tsamba la ofalitsa limatiuza kuti tilipire madola 30 kapena 40, ndalama yoposa mtengo wa thumba la unga. Conco timakopera mizere khumi ya pamwamba n'kupita.

Koma cidule ciri ngati cikwangwani ca pa sitolo. Sicifotokoza bwino kuti anthu amene anafunsidwa anali angati, anasankhidwa bwanji, ndiponso ndi pati pamene olembawo akukayikira zimene anapeza. Wophunzira zaulimi angatenge zotsatira za cimanga cothiriridwa ku America n'kuzilangiza kwa mlimi wa ku Petauke amene adalira mvula. Wophunzira unamwino angacite cimodzimodzi ndi mankhwala. Colakwa cotere sicithera pa pepala la mayeso, cimakafika kwa anthu.

Comvetsa cisoni n'cakuti nkhani zambiri zimene timazithawa tiri nawo kale mwai woziwerenga. Mu 2002 bungwe la WHO linayambitsa Hinari kuti masukulu ndi zipatala za m'maiko osauka aziwerenga magazini a zaumoyo. Mu 2003 bungwe la FAO linatsegula AGORA ya zaulimi. Lero zonsezi ziri pansi pa Research4Life, ndipo mabungwe a maphunziro a mu Zambia amaloledwa kulembetsa. Malaibulale athu alinso ndi mgwirizano wao, ZALICO, umene umawathandiza kupeza magazini a pa intaneti pamodzi. Kiyi yolowera imakhala ndi oyang'anira laibulale, osati Google.

Ndiye tikatsekeredwa, tisafulumire kutaya mtima. Tilembe mutu wa nkhaniyo ndi nambala yake ya DOI, tikaifufuze kudzera pa tsamba la laibulale kapena pa kompyuta za pa sukulu, cifukwa ofalitsa amazindikira intaneti ya sukulu imene inalembetsa. Pa Google Scholar tidine "All versions", poti nthawi zina wolemba anaika kope laulere kwina. Nkhani za mu Africa tizifune pa African Journals Online, pamene palinso Medical Journal of Zambia. Zikakanika, tifunse woyang'anira laibulale, kapena timulembere kalata wolembayo. Ambiri amatumiza mosangalala.

Koma mlandu suli kwa ophunzira okha. Ulendo umodzi woonetsa mashelefu m'sabata yoyamba si maphunziro. Mayunivesite athu aziphunzitsa kufufuza kumeneku m'kalasi, pa nthawi imene ophunzira ayamba kulemba kafukufuku, ndipo aphunzitsi azifunsa ngati nkhani zochulidwa zinawerengedwa zonse. Cinanso, mphunzitsi wa ku Lundazi kapena namwino wa ku Chadiza amene aphunzira ali kutali amalipira fizi monga anzake a pa Great East Road ku Lusaka. Ayenera kupatsidwa njira yolowera mu laibulale ali kwao, pa foni yake.

Fizi imene makolo athu amagulitsira mbuzi ndi nshawa imalipiranso laibulale. Tiyeni tiigwiritse nchito, ndipo kumene khomo lake n'lotseka, tipemphe kuti alitsegule.